Jinta, Galu Wathanzi Nambala 14

3 Epulo, Lachinayi

Mvula yowaza m'mawa. Ndavundula gaga wa mpunga wamchere m'migolo yonse itatu, momwe ndimakwirira masamba ogulitsa m'sitolo mwanga. Nkhaka zalowa mchere bwino, mabiringanya ayi. Ogula asanu ndi awiri, awiri mwa iwo ongocheza.

Masana Jinta kwa Dokotala Shiraishi, katemera wa chiwewe. Makilogalamu 13. Zaka 11. Adokotala amumvera mtima, amufinya mimba, amusuzumira m'makutu. "Mayi Okabe, galuyu mumamudyetsa chiyani? Ali ngati wa zaka zisanu ndi chimodzi." Ndati chakudya cha m'thumba ndi mwano wa amuna anga.

Kenako nkhani. Anzawo ena ku yunivesite akufufuza zotupa za m'kamwa mwa agalu. Akuti zimabisala kuseri kwa mano, mwini galu akamazindikira zimakhala zitakula kale. Ndiye akufuna kuona ngati magazi angaulule msanga, chotupa chisanaoneke. Akutenga magazi a agalu odwala, komanso a agalu okalamba koma athanzi kuti azifananitsa. Athanziwo ndi amene akusowa. Kodi ndingalole Jinta?

Ndalola asanamalize kufunsa.

Galu wobadwira pansi pa bwato kudoko, khutu limodzi logwa, bambo ake osadziwika. Lero chitsanzo cha thanzi ku yunivesite. Ndauza amuna anga. A Shigeru sanachotse maso panyuzipepala. "Chitsanzo cha kununkha m'kamwa ndiye ndingavomere."

4 Epulo, Lachisanu

Ndauza wogulitsa nsomba. Ndauza wa positi. Ndauza Mayi Kuramoto a sitolo ya maluwa moyang'anizana nafe, mwangozi, ndikusesa pakhomo pawo.

Zaka makumi awiri chinenereni kuti fungo la migolo yanga limafotetsa maluwa awo. Sindinaiwale. Kagalu kawo Maron, kaubweya wopotana, lero kavala jekete lachikasu ndipo kakhala m'kangolo kokankha ngati khanda. Miyendo kali nayo inayi. Ndinawerenga.

Anangoti, "Oo, n'zosangalatsa."

Madzulo ndawaona akubwera ndi kangolo kuchokera kwa adokotala, nkhope ili gwaa. Akanidwa. Maron ali ndi zaka zisanu, wachepa. "Akuti akufuna nkhalamba zokhazokha."

"Nkhalamba zathanzi," ndawakonza.

Mpunga wakoma lero.

8 Epulo, Lachiwiri

Tsiku lotenga magazi. Ndamusambitsa dzulo, ndamupesa lero. Abambo, a Shigeru, akuti magazi sapesedwa. Koma abwera nawo, akuti kungowongola miyendo.

Pepala lalitali losayina. Funso lina: tikapeza chokayikitsa, mukufuna tikuuzeni? Ndachonga inde, maganizo ali pa kabichi ndinasiya m'madzi.

Adokotala anafuna kuona m'kamwa. Mano akutsogolo analola. Atafuna kulowa mkati, Jinta anatulutsa liwu lija amasungira wa njinga yamoto. Adokotala anaseka, "Chabwino, bwana, pomwepa pakwana."

Amumeta pang'ono mwendo wakutsogolo. Singano. Iye osaphethira n'komwe. Amene anatuwa ndi abambo. Anati akukaona galimoto panja. Galimoto tilibe.

Atipatsa kakhadi: Gulu la Athanzi, Nambala 14, ndi chidindo chofiira. Ndakhoma msomali pamwamba pa mgolo wa nkhaka, poonekera kumsewu. Kuchokera kusitolo ya maluwa kamaoneka bwino. Ndinakayesa.

15 Epulo, Lachiwiri

Minako waimba foni kuchokera ku Osaka. Ndamuuza za khadi. "Amayi, ine mwana wanu weniweni nditamaliza sukulu simunapachike kalikonse." Ndati iwe sunapereke magazi.

Abambo ndi Jinta apita kokayenda 4 koloko, abwerako 6 koloko ili pafupi. Munthu amene amati galuyu ndi wanga ndekha. Akuti Jinta ndi amene amachedwa, amanunkhiza mtengo uliwonse. Bola akuyenda. Adokotala awo anawaletsa mchere chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, m'nyumba imene chilichonse ndi mchere. Ndimawaphikira zawozawo. Amadya ngati akulipira mlandu.

Fungo la m'kamwa mwa Jinta lakuladi. Wogula wina anasuntha nalo. Ndinati ndi gaga.

Waphunziranso kutafunira kumanja kokha, mutu atapendeketsa. Ndauza abambo kuti ndi sitayilo ya agalu ophunzira.

24 Epulo, Lachinayi

Foni 2 koloko, manja ali mu gaga mpaka m'zigongono. Ndayankha ndi kachala kakang'ono. Adokotala Shiraishi. Ulemu wochuluka kuposa wa masiku onse.

Magazi a Jinta sakufanana ndi a anzake athanzi. Akufanana ndi a gulu linalo.

Anena zambiri. Kuti njirayi idakali yoyesera. Kuti imalakwitsa, n'chifukwa chake akuifufuza. Kuti dzino lowola kapena nkhama zotupa zingathe kusokoneza. Kuti agalu ena awiri athanzi atulukanso chimodzimodzi. "Mwina si kanthu. Koma munalemba kuti tikuuzeni, ndipo ine ndikufuna ndione m'kamwamo bwinobwino, ali mtulo."

Ndafunsa ngati sanasokoneze mabotolo. Ati anafunsa kale.

Lolemba. Asadye m'mawa.

Jinta anali pakhomo, akukanda khutu logwa lija. Wandiyang'ana. Wayasamula, koma atatembenukira kukhoma.

25 Epulo, Lachisanu

Ndauza abambo pakudya. Anaika timitengo todyera pansi, n'kufunsa kuti adokotala anena kuti m'kamwa mbali iti. Ndati sananene. Sanamalize mpunga.

Nkhaka ziwiri ndazidula molakwika.

28 Epulo, Lolemba

Chilipo.

Kumanzere, pansi, kuseri kwa dzino lomaliza. Chakuda, kukula ngati nyemba. Adokotala andionetsa chithunzi pakompyuta. Ndinkayembekeza chinthu choopsa. Kanthu kakang'ono, ukanati kanyenyeswa kakanirira.

Adula kachidutswa kuti akakapime. Ajambula pachifuwa. Abaya mwanabere wa pakhosi. Zotsatira zichedwa chifukwa cha tchuthi cha kumayambiriro kwa Meyi, dziko lonse likupita kokapuma. Pa 8.

Jinta wabwera kunyumba akudzandira ngati abambo pa chaka chatsopano. Wagona mutu uli m'nsapato yanga.

Khadi ndachotsa. Mayi Kuramoto anaona msomali wokha. "Khadi lija lagwa?" Ndati ndikupukuta fumbi.

29 Epulo, Lachiwiri

Ndilemba mwadongosolo, chifukwa ndikapanda kutero ndiphwanya mbale.

M'mawa abambo anati, "Amayi, takhalani pansi." Pa zaka 41 mawu amenewa anawanena kawiri. Koyamba anali atataya ndalama za malipiro m'sitima.

Kuseri kwa kachisi kuli benchi. Tsiku lililonse amakhala pamenepo ndi Jinta. M'basiketi ya njinga, pansi pa jekete la mvula, amabisa mabisiketi a mpunga, olimba aja, amchere. Theka iwo, theka galu. Kuyambira chaka chatha.

Mu Febuluwale bisiketi inagwa m'kamwa mwa Jinta ili ndi magazi. Kenako kawiri kena. Anaganiza kuti yamucheka. Anasintha, n'kuyamba kugula yofewerapo.

"Ndikanakuuzani za magazi, mukanafunsa za bisiketi."

Miyezi iwiri ndi theka.

Ndinatuluka, ndinatenga paketi m'basiketi muja, ndinakaipereka kwa wogulitsa nsomba. Anadabwa. Anadya.

1 Meyi, Lachinayi

Sitikulankhulana. Zonse zikudutsira kwa galu.

"Jinta, uwauze abambo ako kuti madzi afunda."

"Jinta, uwauze amayi ako kuti zikomo."

"Jinta, uwafunse abambo ako ngati amwa mankhwala awo, kapena amwera bisiketi."

Jinta amangotembenuza mutu uku ndi uku. Ntchito yamuchulukira.

Lero madzulo, ali kumbuyo kwa nyuzipepala: "Jinta, uwauze amayi ako kuti amene anakuona ukutafunira mbali imodzi n'kunena kuti ndi sitayilo si ine."

Ndinapita kukavundula gaga amene ndinali nditavundula kale. Fungo ndinalimva. Kutafunako ndinakuona. Ndinali otanganidwa ndi khadi.

Nditabwerako ndinawafunsa ndekha ngati akufuna tiyi. Anati inde. Tinamwa. Maso awo anali ofiira, akuti ndi mungu wa mitengo.

4 Meyi, Lamlungu

Mayi Kuramoto alowa m'sitolo mwanga. Opanda kangolo. Agula nkhaka zitatu, koyamba m'zaka makumi awiri. Ndinatsala pang'ono kuwafunsa ngati akufuna zofotetsera maluwa.

Sanachoke. Anayang'ana Jinta, dovu likutsika pakona ya mlomo. "Ndi m'kamwa, eti?"

Ndinati inde. Kunama kunanditopetsa.

Anandikumbutsa za Kotetsu, chigalu chawo choyera cha kale. Ndikumukumbukira. Anangosowa chaka china, ine ndinkayesa anamupereka kumudzi. Ayi. Chotupa cha m'kamwa. Anachiona chitakula ngati dzira, adokotala anati palibe chochita. Milungu yomaliza ankamumwetsa mkaka ndi supuni, kuseri kwa sitolo, ine ndili uku ndikuwanena kuti atseka msanga chifukwa cha ulesi.

"N'chifukwa chake ndinathamanga ndi Maron tsiku lija. Sinali nsanje." Anayang'ana nkhaka zawo. "Nsanje inaliponso pang'ono."

Ndinawaonjezera biringanya limodzi. Anati lachepa mchere. Zoona.

8 Meyi, Lachinayi

Khansa. Ya mtundu woipa, yothamanga.

Koma yaing'ono, sinafike sentimita imodzi. Mapapo oyera. Mwanabere woyera. Adokotala akuti zotere nthawi zambiri amaziona zitapitirira apa.

Njira ziwiri. Kusiya: miyezi ingapo, kenako kulephera kudya. Kapena opaleshoni kuchipatala cha ziweto cha ku yunivesite, kuchotsa chotupacho pamodzi ndi chidutswa cha fupa la chibwano ndi mano atatu. Mwina chaka, mwina ziwiri, mwina kuposa. Mwina chibwerera msanga. Salonjeza.

Abambo anawafunsa ngati Febuluwale akanasintha zinthu. Adokotala sananame. Ati kubwera msanga kumathandiza nthawi zonse. "Koma lero chikadali chochotseka, Bambo Okabe. Tiyeni tikambe za lero."

Ine ndinafunsa za nkhope. Fupa likachoka adzaoneka bwanji. "Lilime lizituluka pang'ono chammbali. Agalu sadziyang'ana pagalasi. Amene mudzavutike ndi inu."

9 Meyi, Lachisanu

Takangana, koma tsopano maso ndi maso.

Ine: galu wa zaka 11, kumudula fupa, kumusiya kwa alendo. Chifukwa cha ndani? Iye sanapemphe.

Abambo: achite opaleshoni, basi.

Ndinati, "Inu mukungofuna mtima wanu ukhale m'malo." Anati, "Inde. Komanso ndikufuna galuyo akhale moyo. Zonse ziwiri. N'zoletsedwa?"

Mtengo wake adokotala anatilembera pakapepala. Firiji yatsopano ya m'sitolo idikira chaka china. Minako akuti athandiza, ndipo ndisayerekeze kukana.

Sindinagamule.

10 Meyi, Loweruka

M'mawa, wogulitsa nsomba akutsitsa mabokosi, Jinta anadutsa pakati pa miyendo yake n'kunyamula nsomba yathunthu. Anathamanga nayo msika wonse, khutu likuuluka, bamboyo pambuyo ndi nsapato zake za mphira. "Wodwala uja ndi ameneyu? Wodwala ameneyu?"

Tinamupeza kuseri kwa sitolo ya maluwa, akudya ndi mbali ya kumanja, Maron akuonerera m'kangolo.

Ndalipira nsomba. Ndaimbira adokotala. Lachitatu.

14 Meyi, Lachitatu

M'sitima salola galu wamkulu chonchi popanda bokosi, ndipo Jinta m'bokosi salowa. Mayi Kuramoto anati atitenga pa galimoto yawo yonyamulira maluwa. Atseka sitolo tsiku lonse. Maluwa oyera a pamaliro anawatsitsa tisanakwere, akuganiza kuti sindinaone.

Ine kutsogolo. Abambo kumbuyo pa ndowa yovundikira, atakumbatira Jinta. Maola awiri a mapiri. Mayi ameneyu amayendetsa ngati akuthawa apolisi. Pakona iliyonse ndowa inkapita uku, abambo uku. Anangoti, "Mayi Kuramoto, opaleshoni ndi ya mmodzi yekha lero."

Kuchipatala kunabwera mayi wina wamtali wa magalasi, mkulu wa kafukufuku uja. Anatiweramira ife pang'ono, n'kuweramira Jinta kwambiri. "Ndiye uyu Nambala 14." Anationetsa chithunzi cha madontho, dontho lililonse magazi a galu mmodzi. Obiriwira mbali ina, athanzi. Ofiira mbali ina. Ka Jinta kobiriwira, kali kokhakokha pakati pa ofiira, ngati mlendo wolowa ukwati wa eni.

Anamutenga 11 koloko. Sanacheuke. Anali kununkhiza thumba la namwino.

Maola atatu pabenchi. Mayi Kuramoto anatulutsa mpunga wokulunga, wokwanira anthu atatu. Abambo anadya umodzi, wamchere, akundiyang'ana. Ndinayang'ana kumbali.

2:20. Zatheka. Wadzuka. Agona konko masiku awiri.

Pobwerera abambo anakhalanso kumbuyo, ngakhale kutsogolo kunali malo. Lamba wa galu ali m'manja.

15 Meyi, Lachinayi

Kachidutswa ka nkhaka kagwa pansi. Kakhala pomwepo mpaka ndinakatola ndekha.

4 koloko abambo avala chipewa, atuluka okha. Abwerako patangotha mphindi khumi.

Achipatala aimba: wanyambita chakudya chofewa, wakalipira namwino. Akuti zonse ziwiri ndi zabwino.

16 Meyi, Lachisanu

Wabwera.

Tsaya lometedwa, ulusi wakuda, m'khosi chipulasitiki chonga fanulo kuti asadzikande. Lilime lili lende kumanzere. Atandiona anandigunda ndi fanuloyo pamsongolo, mchira ukupita ngati tsache.

Wagunda mgolo. Wagunda chitseko. Wakakamira pakati pa mpando ndi khoma, n'kuima pomwepo kudikira kuti nyumba isunthe.

Chakudya choviika m'madzi ofunda, timibulu tating'ono, pamanja. Theka m'kamwa, theka pansi. Abambo agwada, akutola zogwa n'kumupatsanso. Akulankhula naye motsitsa. Ndinangomvako "pepa". Ndinapita kukatsuka mbale zotsuka kale.

Fungo lija latha. Ndinali nditaiwala kuti galu akhoza kupuma pankhope pako iwe n'kukhalabe moyo.

20 Meyi, Lachiwiri

Adokotala ati asayende mtunda wautali sabata ino. Mayi Kuramoto abwera ndi kangolo. "Maron akhoza kuyenda masiku angapo. Miyendo ali nayo." Mawu anga enieni. Wina anandiulula, ndikukayikira wa positi.

Ndinakana katatu. Kachinayi Jinta anakwera yekha.

Sakwanamo. Matako ali kunja, fanulo patsogolo, lilime pamphepo. Wakhala ngati bwanamkubwa akuyendera mzinda wake. Wokankha ndi abambo, chipewa atachikokera mpaka pamphuno kuti anzawo a masewero a mpira wa nkhalamba asawazindikire. Anawazindikira. Wina anakuwa, "Shigeru, mdzukulu wako wafanana nawe."

Maron pambuyo, wapansi, wokwiya, akunyamula phazi lililonse ngati msewu ndi wonyowa.

28 Meyi, Lachitatu

Achotsa ulusi. Achotsa fanulo. Chidutswa anadula chija achipima: m'mphepete monse mulibe khansa. Anachotsa chonse chimene chimaoneka.

Ndinafunsa za agalu awiri aja anatuluka ngati Jinta. Mmodzi dzino lowola. Winayo palibe chilichonse, anangomugoneka pachabe, mwini wake wakwiya.

Ndiye magaziwo amanena zoona kapena ayi? Adokotala anatambasula manja. "Pa atatu, mmodzi. Mwina njirayo ikugwira, mwina Jinta anangochita mwayi. Padzafunika agalu mazanamazana kuti tidziwe." Ine ndinkafuna anene kuti Jinta wapulumutsa agalu a dziko lonse. Ndinali nditakonza kale mmene ndikauzire wa positi.

Khadi latsopano. Gulu la Odwala, Nambala 31. Amuchotsa pa udindo. Akufuna magazi ake miyezi itatu iliyonse, akuti ndi amtengo wapatali chifukwa ali nawo a asanadulidwe ndi a atadulidwa.

Ndinaliika m'kabati. Abambo analitulutsa, n'kulipachika pa msomali uja. "Udindo ndi udindo."

11 Juni, Lachitatu

Mvula tsiku lachisanu. Gaga akufuna kuvundulidwa kawiri. Kabichi wakwera mtengo.

Dovu paliponse. Mayi Kuramoto amusokera kansalu ka pakhosi, ka maluwa ofiira. Galu wanga wavala zovala. Ndilibenso mawu.

Abambo anapita kokayezetsa. Magazi awo atsika bwino. Adokotala awo akuti, "Akazi anu akuphika mosamala, muwathokoze." Abwera kudzandiuza okha, nkhope ili pansi. Ndati ndalandira.

Kubenchi kuja tsopano amapita ndi mbatata yophika. Ndimawapatsa ndine. Basiketi ndimasechabe.

19 Juni, Lachinayi

M'mawa uliwonse ndimamutsegula kukamwa, monga anandiphunzitsira adokotala. Amalola ine ndekha, ndipo pokhapokha tchizi chili m'dzanja linalo.

Lero kadontho kakuda pankhama, kumanja.

Sindikumbuka kuvala nsapato. Mayi Kuramoto anasiya wogula ali chiimire, maluwa m'manja. Tinafika kwa adokotala m'mphindi zinayi, ulendo wa mphindi khumi. Abambo pa ndowa.

Adokotala anayatsa tochi. Anayang'ana. Anatenga kansalu, anapukuta. Kadontho kanachoka.

Ndere zouma za m'nyanja, zakuda zija zokulungira mpunga. Wina anamugawira chakudya cham'mawa.

Tonse tinatembenukira abambo. Iwo anakweza manja. Amene anatsokomola ndi Mayi Kuramoto. "Kanali kachidutswa kakang'ono. Amandiyang'ana ndi lilime lija."

Tinaseka mpaka adokotala anakhala pansi. Pobwerera, m'galimoto, ndinayamba kulira osadziwa kuti zayambira pati. Mayi Kuramoto anayendetsa pang'onopang'ono.

19 Ogasiti, Lachiwiri

Kutentha. Sindinalembe miyezi iwiri. Panalibe cholemba, ndipo ndinkaopa kulemba kuti palibe.

Minako anabwera pa tchuthi chokayendera manda a makolo, masiku atatu. Wajambula Jinta kambirimbiri, ife kawiri.

Lero miyezi itatu chichitireni opaleshoni. M'kamwa moyera. Mapapo oyera. Makilogalamu 13 ndi theka, adokotala akuti wina achepetse mbatata. Atenga magazi. Abambo anakhala m'chipindamo mpaka kumapeto, maso ali kudenga, akuwerenga matabwa.

Zotsatira sabata yamawa.

26 Ogasiti, Lachiwiri

Aimba. Kadontho kake kasuntha, kabwerera kufupi ndi obiriwira. Sikanalowe pakati, kali m'mphepete.

Adokotala, monga mwa masiku onse: tisadalire kwambiri, njirayi sinatsimikizike, khansa yamtunduwu imatha kubwerera mwakachetechete, chaka choyamba ndiye chovuta. Tidzaonanenso pa 18 Novembala.

Ndati zikomo. Ndalemba pakalendala. Ndatsegula masamba atatu kuti ndifike pa Novembala, ndipo dzanja silinafune.

27 Ogasiti, Lachitatu

Chinthu chimene sindinauze aliyense. Chichokereni kuchipatala ndimagula chakudya cha Jinta m'timatumba ta kilogalamu imodzi. Ka masiku asanu. Kakatha ndimakagula kena. Sindifuna kudzatsala ndi thumba lotsegula pakona, lopanda wodya. Ndinkayesa abambo saona.

Lero chakudya chinatha, ine ndili ndi ogula. Ndinawatuma. Ndinanena momveka: kakang'ono, kobiriwira.

Patapita ola ndikuona munthu akukankha njinga pakati pa msika, thukuta kamukamu, tayala lakumbuyo litaphwa. Matumba awiri, lililonse makilogalamu 12. Limodzi m'basiketi, lina atalimanga ndi chingwe pampando. Jinta pambali, lilime panja, akuperekeza katundu wake.

Ndinati mwapenga, msana wanu, chakudya chimenechi chifika Disembala.

"Anatsitsa mtengo," anatero, osandiyang'ana.

Lisiti linali m'basiketi. Sanatsitse ngakhale yeni imodzi.

M'chitini chake simukwana. Ndatulutsa mgolo wakale wa kabichi, wa chivindikiro cholimba. Ndautsuka kawiri, uli padzuwa. Mawa tithiramo.